Gologolo Mkamwini ndi Mitengo Yoyenda

Padangokhala, inde padangotero, kale lija nyama zinkakwatirana osayang'ana ubweya, padali Gologolo. Iyeyu adakwatira chikamwini kumudzi kwa anungu. Mkazi wake adali Nankhoma, ndipo mchimwene wa Nankhomayo, Nungu, ndiye adali mwini mbumba, woyang'anira minda ya alongo ake onse. Gologolo adafika pamudzipo ndi bulangete limodzi ndi khasu, basi. Koma adapezapo mtendere, adabereka ana, ndipo mkazi wakeyo ankamukonda kwambiri.

Nthenda yake idali imodzi: chidwi. Akaona mtolo womanga, mtima sunkakhala m'malo mpaka adziwe za m'kati mwake.

Chaka china, mvula itangoyamba, kudatera adokowe ochokera kutsidya la nyanja yamchere. Mbalame za kumeneko zidamva kuti kuno mitengo idatha, amayi akuswera kuthengo kufuna nkhuni, ndiye zidasonkha thandizo n'kutuma nthumwi. Mtsogoleri wawo adali Mayi Dokowe, wa miyendo italiitali ndi mafunso osatha. Adatera m'munda momwe Gologolo ankapalira, ndipo mudzi wonse usanamalize kusonkhana, mnzathuyo n'kuti atamasula kale mtolo wa alendo.

"Timeneti n'tiyani?" adafunsa.

"Mbande za mitengo," adayankha Mayi Dokowe. "Mapeyala, malalanje, ndi ina ya nkhuni."

"Kwanu mitengo imabadwira m'timatumba?"

Mayi Dokowe adaseka, funsolo lidamukondweretsa. Kenaka naye adafunsa lake: "Mwini munda uno ndani?"

Kwawo kwa adokowe, wogwira khasu ndiye mwini munda, choncho maso ake adali pa amuna okhaokha. Amunawo, poti onse adali akamwini, adayamba kuyang'ana zala za kumapazi. Amayi adakhala kumbuyo, ndipo palibe mlendo adatembenukirako. Gologolo, mbande ili m'manja, adafunitsitsa kudziwa chimene kamtengoko kadzabale, ndipo lilime lidathamanga kusiya nzeru m'mbuyo.

"Ndine," adatero.

"Chabwino, zonsezi n'zanu. Tikadzazipeza zamoyo pamvula yachitatu, tidzakumba chitsime pakati pa mudzi. Zikafa, thandizo lipita kwina."

Amayi adaimba nthungululu, alendo n'kuuluka.

Asanafike n'komwe kunyumba, Gologolo adapeza Nungu atakhala pakhonde, minga ili gone, akumwetulira.

"Alamu, ndamva kuti tsopano muli ndi munda."

"Pakamwa panangoterereka, alamu."

"Paterereke pamawu, pasaterereke padothi. Chimanga bzalani, maungu bzalani, zimenezo zimatha ndi chaka. Koma mtengo umakhalitsa. Mawa inu kulibe, abale anu adzabwera kudzati apa m'pathu, onani mitengo ya mbale wathu. Ine ndidzawauza chiyani ana a alongo anga? Ndilibe nanu chifukwa, mumandiseketsa. Koma tsiku limene muzu wa mitengo yanuyo udzalawe dothi la mbumba yanga, mudzapinde bulangete lanu."

"Basi ndikazitaya mbandezo."

"Mukazitaye?" adatero Nankhoma ali pakhomo. "Chitsime chitiphonye chifukwa cha inu? Bambo a ana, amayi a m'mudzi muno adzakupindirani okha bulangetelo."

Gologolo adachita mantha enieni. Abzale, banja latha. Aleke, banja latha. Adayang'ana ana ake akusewera pabwalo, misozi idalengeza. Walira mvula walira matope, koma matope awa adali ofika m'khosi. Kenaka mchira udayamba kugwedera, ndipo amene ankamudziwa adadziwa kuti mutu wayamba ntchito.

M'mawa mwake adatolera madengu akale m'mudzi monse, ulendo wa kwa amayi ake. Adawadzaza ndi dothi la kwawoko n'kuwatuta limodzilimodzi. Dengu lililonse adaliika pamwala wafulati m'mphepete mwa munda, pafupi ndi chulu, n'kuikamo mbande, kenaka n'kuliunjikira mapesi ndi udzu mpaka dengu ndi mwala zidabisika. Pogwira ntchitoyo ankaimba kanyimbo kolangiza mtengo kuti upinde mwendo, usautambasule, poti pano m'pa eni. Ana ake ankavomera kuti mlendo wanzeru amagona mtolo uli chimangire.

Mvula ili pafupi kutha, Mayi Dokowe adadzatsanzika asanabwerere kutsidya la nyanja. Adazungulira mitengo ija mutu uli pendeke.

"Yonse yamoyo! Koma bwanji ili pamwamba pa milu?"

"Ndi mmene timachitira kuno, mayi. Chiswe chathu ndi chaulesi, sichikonda kukwera chitunda."

"Zoona? Nanga mapesiwa?"

"Zofunda. Mwana wa kutali amazizidwa."

Mayi Dokowe adagwedeza mutu mokhutira, nati nzeru imeneyi akaifotokoza kwawo. Atangouluka, Nungu adatulukira n'kuyamba kufukula mapesi ndi mphuno.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Katundu wanga, alamu."

"Katundu wophuka masamba?"

"Dengu ndi langa, dothi ndi la kwa amayi anga, mwala ndi wa Chauta. Kodi mlendo akatula katundu pakhonde ndiye kuti walanda nyumba?"

Nungu adanyamula dengu limodzi n'kusuzumira pansi. Padalibe kanthu. Adaseka mpaka minga idachita phokoso.

"Mutu muli nawo, alamu. Koma muzu ulibe ulemu, ndidzabweranso."

Ndipo sadaname. Chilimwe chili pakati, Gologolo adapeza kamuzu koyera katatuluka m'dengu, kakukwawa pamwala kulunjika pansi. Adakadula, mtengowo n'kufota masamba, iye n'kutuluka thukuta. Adaona kuti kudula n'kupha. Ndiye adayamba kusamutsa: muzu ukangoti uyandikire dothi, iye dengu pamsana, kukaliika pamwala wina, muzu n'kuupindira m'kati. Mitengo itakula adaluka madengu aakulu, nakatutanso dothi kwa amayi ake. Pang'onopang'ono adaisendezera kufupi ndi dambo kuti Nankhoma, amene ankathirira, asamavutike ndi mtunda. Nyimbo ija sinkachoka pakamwa, koma tsopano ankaiimba mopuma wefuwefu. Pofuna kuti dengu lisamutyole msana, ankapinda mchira n'kuuyala ngati nkhata, ndipo mpaka lero mchira wa gologolo umapindikira kumsana.

Chodabwitsa n'chakuti adayamba kuikonda mitengoyo. Ankadziwa uti umafota msanga, uti ndi wamakani. Tsamba latsopano likatuluka ankaitana mudzi wonse kuti udzaone.

Mvula yachiwiri itagwa, Mayi Dokowe adatera pamalo pomwe adasiya mitengo, n'kupeza miyala yokhayokha.

"Yafa?" adafunsa atamupeza Gologolo.

"Ayi mayi, ili uko kudambo."

Adapita, adaipeza yobiriwira, yotalika kuposa iye. Adayang'ana mitengo, adayang'ana kumene adachokera, adayang'ananso mitengo.

"Bambo Gologolo, ine ndinaisiya pafupi ndi chulu."

"Inamva ludzu."

"Ndiye?"

"Ndiye inatsata madzi. Inu mukamva ludzu mumatani?"

"Mukuti mitengo imeneyi imayenda?"

"Kwanu siyenda?" Gologolo adafunsa modabwa kwambiri, ngati wamva za anthu osauka.

Mayi Dokowe chidwi chidamugwira mpaka nthenga zidaima. Adati ayende umodzi aone. Gologolo adati zimenezo n'zovuta, chifukwa mitengoyo imamutenga iye ngati apongozi, ndipo kuno apongozi sitiyenda pamaso pawo, timawapewa m'njira. Koma ngati mayiwo angatembenuke n'kubisa mutu m'phiko, iye aiimbira, mwina umodzi ulimba mtima.

Mayi Dokowe adatembenuka. Gologolo adakweza nyimbo ija kuti imize phokoso, adakoka dengu la lalanje, adaunjikiranso mapesi, n'kukhala pansi ngati wangodzuka.

"Cheukani, mayi."

"Mayo! Wasuntha! Kwathu akamva sakakhulupirira. Chaka chamawa ndibwera ndi akuluakulu onse amene anasonkha thandizoli, adzaone ndi maso awo."

Gologolo adamwetulira mokakamiza. Nungu naye adabwera monga mwa lonjezo, adasuzumira pansi pa madengu, sadapeze muzu. Adayang'ana mlamu wake mmene adaondera, nthiti zili pamtunda, ndipo adamumvera chisoni.

"Alamu, mudzafera madengu."

"Bola kufera pano kusiyana n'kukhala moyo kwina," adayankha Gologolo.

Mvula yachitatu itayandikira, kudabwera uthenga wakuti amalume ake a Gologolo amwalira. Maliro a malume sathawika. Ponyamuka adapempha mkazi wake kuti aziisuntha mitengo ija.

"Kuthirira ndithirira," adatero Nankhoma, "koma kusenza mitengo ayi. Ine msana ndili nawo umodzi."

Kumaliro adachedwako. Kudali milandu ya pabanja, kudali kudikira kumeta, ndipo mvula idagwa osalekeza. Tsiku lomwe adamasuka adathamanga osaima, osadzera n'kunyumba komwe, molunjika kudambo. Adafukula mapesi. Madengu adali ataola. Mizu idali itakumbatira miyala n'kulowa pansi, ina yonenepa ngati dzanja la mwana. Adakankha mtengo umodzi, mtengo udangomuyang'ana.

Nthawi yomweyo kumwamba kudada ndi mapiko. Adokowe adatera, akuluakulu a kutsidya la nyanja, ena okalamba oyenda motsimphina. Mudzi wonse udathamangirako, Nungu ali patsogolo.

"Awa ndi amene ndinkanena aja," adatero Mayi Dokowe monyadira. "Tiyeni tonse titembenuke, mitu m'mapiko. Bambo Gologolo, imbani."

Adokowe adatembenuka. Gologolo adaimba. Nyimbo yake yolangiza mtengo kupinda mwendo idatuluka mosasa, ndipo palibe mwana adavomera. Adakankha ndi manja, adakankha ndi msana, adakoka ndi mano. Nungu adayandikira, adafukula pang'ono, adagwira muzu n'kuutsata ndi chala mpaka pomwe udalowera m'dothi. Sadaseke.

"Alamu," adatero motsitsa mawu, "mawu aja ndinanena pamaso pa mbumba. Sindingawameze."

Adatuma mlongo wake wina kukatenga bulangete. Ana a Gologolo atangoliona adayamba kulira, ndipo kulirako n'kumene kudatulutsa mitu ya adokowe m'mapiko.

"Yayenda?" adafunsa wamkulu wina wokalamba.

Gologolo adalandira bulangete lake. Adalipinda kamodzi. Akuti apindenso, maso ake adagwera pamuzu uja, ndipo ngakhale pa tsoka lotere chidwi chake sichidagone. Adadzifunsa kuti kodi muzu umenewu, wobadwira kutsidya la nyanja, wokulira m'dothi la eni, udadziwa bwanji kolowera? Mchira udayamba kugwedera.

"Alamu, ndipita. Koma ndifunseko, kuti ndikafotokoze bwino kwathu. Ana akulirawa ndi a yani?"

"A mbumba yathu. Mukudziwa."

"Ine ndinachokera kwina?"

"Kutali ndithu."

"Pobereka anawa, ndinalanda munda?"

"Ayi. Munatichulukitsa."

"Nanga mitengoyi inachokera kuti?"

"Kutsidya la nyanja."

"Muzu uwu anaulowetsa m'dothi ndani? Ine munandiperekeza nokha popita kumaliro, madengu ali bwinobwino."

Nungu adakanda pamphumi. "Walowa wokha."

"Basitu, alamu. Awa ndi akamwini anzanga. Anabwera ndi kabulangete kawo ka dothi monga ndinabwerera ine. Zaka zonsezi ine ndinali nkhoswe yawo, kuwaletsa kuti asafulumire. Nditangochoka, alowa m'nyumba. Tsono mkamwini akalowa m'nyumba, zimene abale zimakhala za yani?"

"Za mbumba!" adafuula amayi kumbuyo kuja, Nungu asanatsegule pakamwa.

"Ndiye ine ndilibepo mtengo pano, ngakhale tsamba. Ndanena pamaso pa alendo ndi pamaso pa mudzi, abale anga asadzabwere kudzaloza. Koma ngati kulowa m'nyumba ya mbumba yanu ndi mlandu, tipirikitseni tonse. Yambani mwazula awa, ine nditsatira."

Nungu adayang'ana mitengo, ina itayamba kale maluwa. Adayang'ana alongo ake, ndipo nkhope zawo zidamuuza kuti akangogwira nthambi imodzi, wopinda bulangete akhala iyeyo. Minga idagona, adaseka mpaka kukhala pansi.

"Bwezerani bulangetelo m'nyumba," adatero. "Mlamu wotere akapita, ndidzaseka ndi yani?"

Mayi Dokowe adali atatambasula khosi, akumvetsera zonse.

"Dikirani. Bambo Gologolo, mundawu si wanu?"

"Khasu lokha, mayi."

"Nanga ndi wa yani?"

"Wanga," adatero Nankhoma akubwera kutsogolo. "Unali wa amayi anga, udzakhala wa ana anga aakazi. Achimwenewa amangotiyang'anira."

"Bwanji simunanene tsiku lija?"

"Munafunsa kumene kunali makasu. Ife tinali kumbuyo kwanu, ndipo simunacheuke."

Mayi Dokowe adachita manyazi, koma chidwi chidaposa manyaziwo. Adakhala pansi pakati pa amayi n'kuyamba kufunsa: minda imayenda bwanji kuno, amasankha chobzala ndani, mitengo imene amaifuna ndi iti. Amayi adayankha mpaka pakamwa kuuma. Wamkulu wokalamba uja yekha ndiye adali akadali ndi nkhawa yake.

"Koma ine ndaulukira mtunda wonsewu kudzaona mtengo ukuyenda."

"Mwachedwa, bwana," adatero Gologolo. "Yakwatira. Wapabanja sayendayenda."

Adokowe adakambirana, nati pangano lidali la mitengo yamoyo, ndipo mitengo ndi iyi yamoyo. Chitsime adakumba. Chaka chotsatira mbande adazitula m'manja mwa amayi, ndipo amayiwo adazibzala m'dothi mwenimweni dzuwa likuswa mtengo, akuimba nyimbo ya Gologolo ija atayitembenuza: tsopano inkauza mtengo kuti utambasule mwendo, pano m'pakwawo.

Gologolo adakhala pamudzi, ndi mkazi wake, ndi ana ake. Peyala loyamba litakhwima, pamtengo womwe udamusupula msana koposa yonse, adakwera mokondwa n'kutambasula dzanja.

"Bambo a ana," adaitana Nankhoma ali pansi, "paja munati mitengoyi ndi ya yani?"

Dzanja lidaima m'malere.

"Ya mbumba."

"Ndiye pemphani."

Adapempha, ndipo adampatsa. Lidali lokoma, koma pomeza lidamuwawa, chifukwa mtengo umene adausenza zaka zonse zija sakadathanso kuutchula kuti wanga. Atatha kudya adatsala ndi nthanga m'manja. Adaitembenuza uku ndi uku, akudzifunsa kuti kodi imeneyi ingatuluke mtengo wotani. Manja adamuyabwa. Adayang'ana kumanzere, adayang'ana kumanja, adakumba kadzenje msangamsanga, adaponyamo nthanga ija n'kukwirira.

Mvula itagwa, Nungu adapunthwa pa kamtengo kongophuka kumene pakati pa munda.

"Alamu! Mwabzala?"

"Ine? Mkamwini? Chinali chakudya changa cha mawa chimenecho, alamu. Ndinakwirira kuopa ana, ndiye ndinaiwala pamene ndinaika."

Nungu adayang'ana mlongo wake. Nankhoma adatenga mtsuko n'kuthirira kamtengoko.

"Amuna angawa amaiwalaiwala," adatero. "Asiyeni."

N'chifukwa chake mpaka lero gologolo amakhala m'mitengo yomwe si yake, amakwirira nthanga akuyang'ana uku ndi uku, ndipo pomwe wakwirira pamamera nkhalango. Yanga yathera pomwepa. Wotsutsa akamufunse yekha ngati adabzalapo mtengo, adzamuuza kuti sakukumbuka.